Khoma la Mtsinje wa Murray

Woweruza atanena kuti "miyezi isanu ndi itatu kundende," Desmond Farrugia sanamve bwinobwino. Maso anali pawindo la khoti, koma mtima unali kumunda wake wa malalanje, m'mawa uja mtsinje wa Murray utasefukira. Madzi anangoti phee pakati pa mitengo, malalanje akuyandama, mitambo ikusambira pansi pawo. Iye anakwera thirakitala n'kukagumula khoma lotchinga madzi, lomwe lamulo limaletsa kulikhudza. Madziwo anachoka m'mundamo mwakachetechete, n'kukalowa m'nyumba ya mayi Noreen, wamasiye woyandikana naye, mpaka kulekeza m'mawindo.

Wapolisi anamugwira pachigongono kuti azipita.

Pakhomo pa khotilo Desmond anapeza mayi Noreen ataima, atavala jekete lobwereka.

"Mayi Noreen, ine..."

"Musavutike, a Desmond. Piyano ya malemu amuna anga ndinaiona ikutuluka yokha pakhomo, pang'onopang'ono, ngati ikupita kutchalitchi." Anaseka pang'ono, kenako anapukuta m'maso. "Nanga galu wanu azidya chiyani? Bweretsani makiyi a kunyumba kwanu, ndizikamudyetsa. Mlandu ndi wanu, galuyo sanalakwe."

Desmond anapisa dzanja m'thumba n'kutulutsa makiyiwo.