Sisitere amene anaiwala kuti ndi mlendo

Panali munthu wina, sisitere wa Katolika dzina lake Angela, amene ankatumikira pa nyumba ina ya masisitere ku Nkhamanga, m'boma la Rumphi. Amene anandiuza nkhaniyi akuti inachitikadi, ndipo si kale.

Kwawo kunali ku Zambia, cha ku Muyombe, kungodumpha malire a ku Hewe. Chitumbuka anachiyamwira, agogo ake anaikidwa mbali ino, ndipo pamsika wa Bolero palibe akanamuloza chala kuti uyu ndi mlendo. Anthu anaiwala zoti ndi wa dziko lina. Tsoka lake, naye mwiniwake anaiwala.

Ntchito yake inali kusamalira a Sisitere Miriam, mayi wokalamba amene anamuphunzitsa usisitere akadali mtsikana. Sitiroko itawagwetsa pamphasa, a Miriam sankalola kudyetsedwa ndi munthu wina koma Angela. Iye anawalonjeza kuti sadzawasiya mpaka tsiku lomaliza, ndipo ankanenadi zochokera pansi pa mtima.

Tsiku lina amayi aakulu a panyumbapo, a Sisitere Ida, anamukumbutsa kuti chilolezo chake chokhalira m'dziko muno chatsala pang'ono kutha, abweretse pasipoti ndi zithunzi atumize ku Mzuzu. Masisitere a ku India ndi ku Kenya anali atapereka kale zawo.

Angela anaseka. "Mama, mapepala ndi a anthu obwera pandege. Ine kwathu ndimapita wapansi."

"Boma silimva Chitumbuka, mwana wanga," anatero a Ida. "Limawerenga chidindo."

Anamuuza kachiwiri, kachitatu, iye yankho lake n'kumati mawa. Paja zengerezu analinda kwawukwawu. Miyezi isanu ndi iwiri inadutsa chilolezo chitatha.

Kenaka kunabwera uthenga woti kwawo akumanga chiliza cha bambo ake. A Ida anati ayambe wakonza mapepala, manda sathawa. Koma iwo atangopita ku msonkhano ku Mzuzu, Angela anasiya a Miriam m'manja mwa sisitere wamng'ono, Luntha, nati ndi masiku awiri okha. Anakwera njinga yamoto mpaka ku Hewe, n'kudutsa njira ya m'minda imene ankayenda ali mwana. Pachipata cha malire sanafikepo.

Tsiku lobwerera mvula inagwa yosaleka ndipo mtsinje wa pa njira ija unadzaza. Abale anati adikire madzi aphwe, koma mtima wake unali kwa a Miriam. Anazungulira, nakadzera pachipata.

Pamenepo anapeza ofesala watsopano wochokera ku Mulanje. Angela anamulonjera mwa Chitumbuka chokoma chomene, bamboyo n'kungoyankha mwaulemu kuti aone pasipoti. Anatsegula masamba onse. Chilolezo chinatha kalekale, chidindo chotulukira panalibe.

"A Sisitere, m'bukumu mukuoneka kuti mudakali m'Malawi, koma ine ndikukuonani mukuchokera ku Zambia. Ndimvere ziti?"

Angela anafotokoza za wodwala uja, anachonderera, analira. Ofesalayo anamumvera chisoni koma sakanachitira mwina. Anamuuza kuti abwerere kwawo, akuluakulu a mpingo akapemphe chilolezo china, ndipo nkhani yake iyamba yaunikidwa.

Kudikira kunayamba. Makalata anapita, makalata anabwera. Angela ankakhala kwa mchimwene wake, mapiri a kuno akuwaona ndi maso tsiku lililonse. Anasowa a Miriam mpaka kuwonda. Ankadziwa ola la mankhwala, ola lowatembenuza, koma manja ake anali chabe. Anayesa kuimba foni kuti a Miriam amve mawu ake. Gogoyo atamva mawuwo anatembenukira kukhomo kudikira kuti alowe, ndipo ataona kuti sakulowa anakana kudya tsiku lonse. A Ida anapempha kuti mafoni aleke.

Mchimwene wake anati amuperekeza njira ya m'minda, akaone a Miriam n'kubwerera. A Ida atamva zimenezi anakaniza, nati akagwidwa kachiwiri khomo litsekekeratu. Ulendo uno Angela anamvera, koma kumvera kwake kunali kochedwa.

Patatha miyezi inayi a Miriam anamwalira. Akhristu a ku Muyombe anadinditsa timapepala tawo pachipata n'kupita kumaliro. Angela anatsala.

Chilolezo chinatuluka patapita masabata atatu chiikireni maliro. Atafika panyumba sanayambe ndi kumanda. Anapita kwa a Ida, nagwada.

"Mama, ndiuzeni chinthu chimodzi. Ankanditchula?"

A Ida anamuuza kuti sabata yomaliza maso a gogoyo anali atachita khungu, ndipo aliyense wolowa m'chipindamo ankamufunsa ngati ndi Angela. Chakudya ankakana, mankhwala ankalavula. Pomaliza a Idawo anauza Luntha kuti azivomera kuti ndi Angela.

"Ndiye Luntha akalowa ankati, 'Yewo mama, ndine Angela, ndabwera.' A Miriam anadya. Anamugwira dzanja n'kumuthokoza kuti wasunga lonjezo. Anapita ali okondwa, mwana wanga. Koma dzanja limene anagwiralo silinali lako."

Phunziro: Kuyankhula chiyankhulo cha anthu sikukusandutsa nzika, ndipo chovala cha mpingo si chilolezo. Ansembe, masisitere, mabulazala ndi ophunzira amene muli m'dziko la eni, onani tsiku limene mapepala anu akutha, konzani nthawi ilipo, ndipo malire muzidutsira pachipata ngakhale kwanu kukuoneka ndi maso. Akulu akakukumbutsani, musati mawa. Tumizani nkhaniyi ku gulu la parishi yanu ndi kwa aliyense amene ali ndi m'bale kunja, mwina wina atsegula pasipoti yake lero.