Kansanza ka M'bowo Lachitatu

Inali 3 koloko masana, chiperoni chikuwaza pang'onopang'ono pa Namadzi. Injini ya pikiapu ya a Frackson inkanjenjemera, kutsokomola, kenako n'kuzima. Chimangireni manifodi yatsopano, chipaipi cholowetsa mpweya mu injini, sinalirepo bwino. M'mawa mwake galimotoyo inkayenera kunyamula mwala wa chiliza cha malemu akazi awo, a Gertrude, kupita nawo ku Nchema.

"Alamu, mwala wa achemwali angawu tiusenza pamutu?" anafunsa a Edwin, ali pansi pa ambulera. "Umakaniko wanuwu ndi wa njinga basi."

A Frackson anamasulanso mabawuti onse n'kuchotsa manifodiyo. M'bowo lachitatu lolowera mpweya mu injini munatsala kansanza kamene anatsekera fumbi dzulo lake. Anakakoka ndi pulayala. Kanali kachidutswa ka chitenje cha maluwa achikasu, chimene a Gertrude ankafunda ali m'chipatala ku Nguludi.

A Edwin atakaona, anakazindikira nthawi yomweyo.

"Oyilo walowerera kale, sikangachapike," anatero a Frackson. Anakapinda bwinobwino n'kukaika m'thumba la malaya, m'kati mwa ovolosi. "Tandipatsirani sipanala ya 12 iyo, alamu."