Kwa Ine Sabwera Akuseka

Gibson anali atangokulunga ndudu ya chamba kuseri kwa matumba a mbatatesi pa Lizulu pamene mlamu wake Alinafe anatulukira.

"Alamu, ndawalotanso achemwali," anatero Alinafe. "Anavala chitenje chobiriwira chija, akuseka. Afunsa za inu. Kodi kwa inu sabwera?"

Gibson anafumbata nduduyo. Chimwalirireni mkazi wake Loyce, utsi ndi umene unkamugonetsa. Ankagona tulo tofa nato, n'kudzuka osakumbuka loto ngakhale limodzi.

Anayesapo kusiya. Loyce anabweradi, koma ali pa bedi la kuchipatala, akupuma mobanika. Gibson anadziwa kuti akulota. Analimbana nalo lotolo kuti amudzutse, apite naye kudimba, koma Loyce sanatembenuke n'komwe. Kutacha anakagulanso chamba.

"Mukudziwa, alamu? Kumudzi ayamba kunena kuti mwina achemwali anapita atakukwiyirani."

Nduduyo inathyokera m'manja mwake. Anakokera thumba limodzi pafupi, nalisasa dothi.

"Khalani apa, mlamu. Muyambirenso, musathamange ayi. Mwati amaseka? Tandiuzani mmene amasekera. Ine ndayamba kuiwala."