Nkhope ya Adada

Bornwell anagwada pamphasa pomwe panagona mtembo wa bambo ake, n'kuvundukula kumaso. Anayandikiza foni yawo.

Ndalama zonse za fodya zinali mu apu ya banki, ndipo wokhoma bokosi ku Mphamba anali atakana kugwira thabwa asanalipidwe.

Ndi Bornwell yemweyo amene anawaumiriza atangogulitsa fodya. "Adada, zosunga m'chitini zinatha. Nambala muzaiwala, tiike nkhope yanu ikhale kiyi."

"Iwe, uchita chani kwa atate ako?" ananong'ona azakhali ake a Dorcas, atakhala kumiyendo kwa malemu.

Foni inaipeza nkhopeyo. Kenako panabwera mawu: "Phethirani kawiri."

Bornwell anadikirabe. Maso amenewo anali atawatseka yekha m'mawa womwewo.