Ndodo ya Mayi Farrugia

Galimoto inakhula mimba polowa pageti la galaja, khwee! Zoran Petkovski sanadzutse n'komwe mutu. Zaka makumi awiri akugulitsa mashoko a magalimoto m'tauni ya Sunshine, phokoso limenelo ankalidziwa ali m'tulo: mnyamata wina wadula masipuling'i ndi sowo kuti galimoto igwade, ndiye msana wayamba kumupweteka.

Koma amene anatsika m'pikiapu yobiriwirayo sanali mnyamata. Anali mayi wa imvi, wovala zakuda, atagwira kandodo kodula ku mpini wa tsache.

"Ndine Doreen Farrugia. Ndikufuna makoilova," anatero mayiyo, akuwerenga pakapepala. "Akuti ndi mashoko a sipuling'i, amene mumapotokola kuti galimoto ikwere kapena itsike."

"Iii mayi, mipikisano mwaiyamba ndi imvi?" Zoran anaseka, akupukuta mafuta m'manja. "Apolisi akakuonani ndi chokwawa ichi akumatani pagalasi chipepala chachikasu choiletsa pamsewu."

"Ndi ya mwana wanga Kurt. Ankaikonda kuposa mmene ankandikondera ine. Anachita ngozi pa njinga yamoto."

Anazinena ngati akunena kuti kunja kwatentha. M'maso munali gwa, mopanda msozi. Zoran anameza chiseko chake, nalakalaka pansi patang'ambika. Pakamwa pake pankamutsogolera chonchi kuyambira kalekale.

"Pepani, mayi."

"Ikhale itatha Lachisanu m'mawa. Tikamutenga kuchipatala. Anzake onse abwera ndi magalimoto awo, azidzayenda pambuyo pathu."

Zoran sanafunse zambiri. Ntchito yotereyi anali ataigwirapo kawiri. Kuno mnyamata wa magalimoto akatisiya, anzake salola kuti bokosi lake likwere galimoto yachilendo. Amaligoneka kumbuyo kwa pikiapu yake yomwe, iwo n'kumalondola mumdipiti, mainjini akubangula mpaka kumanda. Anaponya diso kumbuyo kwa galimotoyo mwakabisira. Malo analipo okwanira, ngakhale munthuyo akhale wamtali.

Anatsitsa makatoni awiri pashelefu n'kuwatsegula patebulo. Mashoko a m'katoni yoyamba anali ofiira, onyezimira, amene anyamata amawathamangira chifukwa amagwira msewu pokhota. Koma ndi ouma, ukaponda kamwala umakamva m'mano.

"Ayi," anatero mayiyo. "Wamva kuwawa kokwanira. Asadzamvenso mabampu."

Zoran anayang'ana kumbali. Anamvapo azimayi akulankhula chonchi, ngati mwana wangogona. Anakankhira patsogolo katoni yachiwiri. Awa anali akuda, osakongola, ofewa, okhala ndi mphete zopotokola ndi sipanala. Mayi Farrugia ananyamula limodzi, nalitembenuza uku ndi uku. Zinkaoneka kuti sakuona chilichonse.

"Zaka zitatu ndakhala ndikumukalipira chifukwa cha galimoto iyi," anatero. "Ikalira, anansi onse amadzuka. Lero ndaiyendetsa ndekha, sindinamve kanthu."

Kunja kunadutsa lole. Chitumbuwa cha nyama chimene Zoran anagula m'mawa chinali chitazizira pa bokosi la masipanala, ntchentche ikuchizungulira. Anawerenga m'mutu magalimoto anayi amene ankadikira pamzere. Adikirabe, eni ake akafuna akwiye. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe, ndipo nayenso anali ndi wake wa zaka makumi awiri, wosamva ngati mwala.

"Ndiyamba lero lomwe," anatero. "Lachinayi madzulo mudzaitenge."

"Pali chinanso." Mayiyo anakweza kandodo kaja. Kumapeto kwake kunali kodula bwino, mzere wa pensulo ukuonekabe. "Ndinakayeza ndekha dzulo. Msinkhu ukhale uwu ndendende. Mukaphonya ngakhale ndi chala chimodzi, ndiye kuti palibe chimene ndachita."

Zoran anagwedeza mutu. Ankadziwa kuti a zamaliro ali ndi kangolo kawo kokankhira bokosi, ndipo kakafanana msinkhu ndi galimoto bokosi limangotsetsereka, onyamula osavutika. Analandira ndodoyo ndi manja awiri, napita kumbuyo kwa pikiapu. Anatsegula chitseko chakumbuyo, nagwada, n'kuimika ndodoyo pansi. Inaperewera kwambiri. Kuti zifanane, galimoto inayenera kugona pansi penipeni, lamulo loti pansi pa galimoto pazikhala mpata wa masentimita khumi litaiwalika.

"Mayi, apa ndiye pavuta. Kutsitsa mpaka pamenepa sikutheka."

"Mukuyeza chiyani kumeneko, bambo?"

Mayi Farrugia analanda ndodo ija. Anazungulira galimoto, napitirira chitseko cha woyendetsa osachiyang'ana, natsegula cha mbali inayo. Anaimika ndodoyo pambali pa mpando. Mutu wake unaposa mpandowo ndi zala zinayi.

"Muikweze, mpando uwu ufanane ndi wa njinga yake ya olumala," anatero, mawu ali chimodzimodzi. "Miyezi isanu wakhala akuphunzira kudzikhwekhwereza yekha kuchoka panjingayo kupita pampando. Wandiuza kuti anzake akadzaona wina akumunyamula, bola akanangofa."