Pepala Lokhalo M'sutikesi

"Umboni woti mwakhalitsa m'chigawo chino uli kuti, chemwali?" anafunsa Mayi Tillman a mu ofesi ya koleji. "Popanda umboni, fizi yanu ndi ya alendo: madola 24,000, osati 8,000."

Yesenia analibe umboniwo. Bambo ake, a Eulalio, ankadzitama kuti anadutsa mayiko atatu osasiya ngakhale phazi pamchenga. Lendi ankalipira pamanja, malisiti ankawotcha. "Wopanda mapepala a chilolezo asalembedwe paliponse," ankatero. Komabe anagwidwa, n'kubwezedwa ku Guatemala.

M'chipinda chimene tsopano ankakhalamo yekha, Yesenia anakhuthula sutikesi yonse. Munali pepala limodzi lokha, chigamulo cha khoti chothamangitsa bambo akewo m'dziko muno. Chinkanena kuti munthuyu ndi mwana wake akhala kuno zaka khumi ndi zinayi popanda chilolezo.

Atabwerera nacho ku ofesi, Mayi Tillman anachiwerenga kawiri, n'kumenya chidindo. "Chakwana ichi. Mulipira ngati mwana wa kuno."

Atatuluka panja, Yesenia anaimbira foni bambo ake.

"Mwana wanga wa ku koleji!" anafuula a Eulalio. "Nzeru za bambo ako zimenezo! Unawasonyeza chiyani?"

Yesenia anapinda pepalalo pang'onopang'ono.

"Dzina lanu, ababa."