Mng'alu wa pa Boyila

Mayi wofufuza atafika pa tsamba lachinayi la lipoti lake, anawerenga mokweza m'chipinda cha msonkhano.

"Mmodzi mwa akuluakulu akuti boyila, thanki yaikulu ya nthunzi ija, ili ndi mng'alu, ndipo iphulika chaka chisanathe."

Injiniya wa pafakitalepo anazindikira mawu ake nthawi yomweyo.

Mayiyu anachita kuitanidwa ndi mwini fakitale ya sopoyi kuti adzafunse akuluakulu asanu ndi mmodzi, aliyense payekha, za zoopsa zimene zingagwere kampani. Analonjeza kuti salemba dzina la munthu. Injiniya atamva zimenezo anamasuka n'kukhuthula zonse: mng'alu wotalika ngati mkono, kuwotcherera kwachiphamaso, anthu makumi atatu ogwira ntchito pafupi ndi boyilayo, mmodzi mwa iwo mlamu wake weniweni. Lero ndi izi, mawu ake akuwerengedwa pagulu. Kubisa dzina kwake kuti pamenepa? Za boyila angazidziwe ndani, kupatula injiniya?

Chonsecho pafakitale pano pakamwa pamachotsetsa ntchito. Injiniya wakale anangodandaula za mapaipi, mwezi sunathe n'komwe.

Bwana wamkulu anavula magalasi. Anayang'ana mwini fakitale, amene ankangoseweretsa cholembera, kenaka anayang'ana anzakewo mmodzimmodzi.

"Wanena zimenezi ndani? Angoimirira, tikambirane."

Mkulu wa zamalonda anazyolika. Woyang'anira antchito anayamba kutsokomola chifuwa chimene analibe. Maso a bwana anafika pa injiniya n'kukhazikika pomwepo, osaphethira. Injiniya anaganiza za mlamu wake. Anaganizanso za ana ake anayi, onse akadali pasukulu. Tisanamizane, mantha ndiwo anapambana.

"Boyila ili bwinobwino, bwana. Ndimaiona tsiku lililonse."

Bwana anausa moyo. Mwini fakitale anaseka, nati anthu ofufuzawa amakonda kuthira mchere nkhani kuti aoneke ngati agwira ntchito. Analamula kuti ndimeyo ichotsedwe, ndipo bwana anaikhwatcha ndi dzanja lake. Msonkhano unathera pomwepo.

Onse atatuluka, injiniya anatsalira. Manyazi anali atamugwira, ndiye anawatulira pa mayiyo. Anamuuza kuti wamugulitsa masanasana, kuti bwana anadziwiratu wolankhula, ndipo akanapanda kukana bwenzi pano akulongedza katundu.

Mayiyo anatseka chikwama chake pang'onopang'ono. Kunsi kwa nyumbayo boyila inkangolira monga mwa masiku onse.

"Bambo, timalemba kuti 'mmodzi' pofuna kukutetezani. Za mng'aluwo munandiuza nonse asanu ndi mmodzi. Oyamba anali bwana anu omwewo. Anati akangopeza munthu mmodzi wowaikira umboni pamaso pa mwini fakitale, boyilayo aizimitsa tsiku lomwelo."